Tiphunzire Kukonza Njinga Yamoto Tisanaigule

Chaka chilichonse thonje likagulidwa, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, m'midzi ya kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Msoro ndi kwa Malama mumamveka kulira kwa njinga zamoto zongofika kumene. Kuno zonse timangozitcha mahonda, ngakhale kuti zambiri sizinapangidwe ndi kampani ya Honda. Zatsopano zimakhala zowerengeka. Zambiri zimakhala zitadutsa kale m'manja mwa eni awiri kapena atatu ku Chipata, ku Katete kapena kutsidya kwa malire a Mwami. Mvula ikafika pachimake mu Febuluwale, zingapo mwa njingazi zimapezeka zitatsamira chipupa kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, dzimbiri litayamba kudya tcheni. Thukuta la chaka chathunthu, kuyambira kugalauza munda, kupalira, kupopera mankhwala mpaka kutola thonje padzuwa, limakhala laima pachipupapo osabweza kanthu.

Maganizo athu ndi akuti mlimi amene sanaphunzire kufufuza matenda a njinga yamoto ndi kukonza zing'onozing'ono pakhomo pake asafulumire kuigula. Amene anagula kale ndipo njinga yake inaima, asafulumire kuigulitsa pamtengo wozizira kapena kuthamangira kukagula zitsulo zatsopano. Ayambe waifufuza mwadongosolo. Njinga yamoto ya mlimi ndi chida cha ntchito, mofanana ndi khasu, pampu yopopera mankhwala kapena pampu yothirira dimba. Pa sukulu yathu palibe wophunzira amene amaloledwa kunena kuti pampu yopopera yafa asanatsegule n'kuona ngati kamwa kake katsekeka. Injini iyeneranso kuonedwa ndi maso omwewo.

Sitikunyoza chilakolako chokhala ndi njinga yamoto, pakuti m'chigwa cha Luangwa chili ndi zifukwa zomveka. Chifukwa cha ntchentche ya kashembe, ng'ombe sizichuluka kuno monga zimachulukira kumtunda kwa Chipata ndi Katete, motero ngolo n'zochepa. Tomato ndi ndiwo zamasamba zofuna kukagulitsidwa ku Cropping kapena kumalo ogona alendo ku Mfuwe sizidikira. Mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo usiku amafunika kufika kuchipatala cha Kamoto kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi nthawi isanathe. Koma zifukwa zomwezi n'zimene zimafuna kuti mwini njinga akhale wodziwa kuikonza. Amakaniko ali ku Jumbe ndi ku Mfuwe, pamene zitsulo zambiri zimachokera ku Chipata, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera ku Mfuwe. Njinga ikazima pakati pa tchire la kwa Malama, makaniko amene ali pafupi ndi mwini wake yekha.

Achinyamata ambiri amakopeka ndi njinga zija zokhala ndi mpando wotsika, zogwirira zotambasuka ndi zitsulo zonyezimira. Yodziwika kwambiri mwa zimenezi ndi Suzuki GN125, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1982, pamodzi ndi zofanana nayo zimene kampani ya Haojue ndi makampani ena a ku China amapanga. Njinga zotere zili ndi ubwino wake. Injini yake ndi ya silinda imodzi, ya 125cc, yozizira ndi mphepo, ndipo ilibe zambiri zosokoneza. Mpando wotsika umathandiza wokwera wamfupi, bambo kapena mayi, kuponda pansi ndi mapazi onse awiri akalowa mumchenga. Kuipa kwake n'kwakuti inapangidwira msewu wa tala. M'dothi lamakande la m'chigwa chino, matope amadzaza pakati pa tayala ndi chophimba chake mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mimba ya injini ndi paipi ya utsi zimagunda mizu ndi miyala. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amapatsidwa njinga zazitali monga Yamaha AG200 kapena Honda XL, ndipo onyamula anthu ndi katundu amakonda Bajaj Boxer ndi TVS HLX. Amene amakhala pafupi ndi msewu wa Chipata ndi Mfuwe angapindule ndi njinga yotsika. Amene msewu wa kwawo umasanduka phala kuyambira Disembala mpaka Malichi aganize kawiri.

Pali mbiri ina ya kutali imene ikutikhudza. M'chaka cha 1974 kampani ya Honda inatuma akatswiri ake kumayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia kukaona chifukwa chimene njinga zake zinkafera msanga. Anapeza kuti eni ake ankanyamula katundu wopitirira muyeso, oyilo ankamusiya mpaka kusanduka phala lakuda, sefa ya mpweya inkatsekeka ndi fumbi, ndipo njinga inkapita kwa makaniko pokhapokha itaima. Atabwerera kwawo anapanga CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975, ya injini yopirira ndiponso sefa yochapika. Injini zambiri za njinga zotchipa zimene zili m'misewu yathu lero zinatengera kapangidwe ka CG125 imeneyi. Kunena kwina, zimene zinkapha njinga zaka makumi asanu zapitazo ku Thailand ndi ku Indonesia ndi zomwe zikuzipha kuno: oyilo wakale, fumbi, katundu wolemera ndi kudikira kuti iime. Zonsezi zili m'manja mwa mwini njinga.

Kukonza kumayamba tsiku logula. Choyamba ndi mapepala. Lamulo la pamsewu nambala 11 la chaka cha 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti njinga yamoto ilembedwe m'kaundula, ikhale ndi inshuwalansi, woyendetsa akhale ndi laisensi ndipo avale chipewa choteteza mutu. Funsani buku la umwini, limene ambiri amalitcha white book, ndipo yerekezani manambala olembedwamo ndi amene adindidwa pa injini ndi pa khosi la felemu. Njinga yolowa mozemba malire, msonkho wa ZRA usanaperekedwe, imaoneka yotchipa, koma ingalandidwe pa chipata cha apolisi, ndipo ndalama zonse zokonzera zimapita nayo. Chachiwiri, pemphani kuti muione injini ikadali yozizira. Wogulitsa wochenjera amaitenthetsa inu musanafike, chifukwa injini yotha imavuta kulira m'mawa. Igwireni ndi dzanja kuti mutsimikize kuti yazizira, kenaka iyatsidwe inu mukuona utsi. Utsi wobiriwira ngati thambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, ndipo kukonza kwake n'kodula. Yang'anani felemu ngati inawotcheredwapo, makamaka pakhosi ndi pansi pa mpando. Penti watsopano asakunyengeni: chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Njinga ikafika pakhomo, kapena mukaganiza zodzutsa imene inaima kalekale, yambani ndi kuitsuka, chifukwa ming'alu ndi malo odontha oyilo zimabisala pansi pa matope. Kenaka khuthulani oyilo wakale, injini ili yofunda ngati ikulira, n'kuthira watsopano. Injini zimenezi zimalowa oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi, ndipo oyilo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi. Pachifukwa chimenechi gulani oyilo wa njinga zamoto wolembedwa 4T kapena JASO MA. Oyilo wina wa magalimoto amakhala ndi mankhwala oterereza amene amachititsa kilatchi kutsetsereka. GN125 ili ndi sefa ya oyilo ya pepala yofunika kusintha, pamene injini za mtundu wa CG zili ndi kasefa ka waya kongotsuka. M'fumbi ndi m'kutentha kwa kuno, kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ife timalangiza kusintha oyilo pa makilomita 1,000 mpaka 1,500 alionse, ndi kuyeza mlingo wake m'mawa uliwonse musananyamuke.

Injini ikakana kulira, kumbukirani zimene mumachita chimanga chikachita chikasu. Simuthamangira kugula feteleza. Mumayamba mwaona ngati vuto ndi madzi oima, kaufiti, mbozi kapena njala ya nthaka, chifukwa mankhwala olakwika amatha ndalama ndipo matenda amakhalabe. Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi zokha kuti ilire: mpweya woyera, petulo, moto wa pulagi ndi mphamvu yopanikiza m'silinda. Kufufuza ndi kufunsa za zinayizi chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta ndi chosadula. Musinthe chinthu chimodzi, muyese, kenaka mupite ku china. Wosintha zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chinali vuto, ndipo tsiku lina vutolo likabweranso amagulanso zitatu.

Pulagi ndi mboni yoyamba, ndipo mtengo wake sufika wa nkhuku. Imasuleni muone nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, injini ili bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa, ndipo kawirikawiri sefa ya mpweya yatsekeka kapena choki yatsala yotseka. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, maringi a pisitoni kapena zotsekera za mavavu zatha. Ikakhala yoyera ngati phulusa, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Kuti muone moto, bwezerani pulagi m'chipewa chake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, n'kuponda kiki. Moto wabwino umakhala wobiriwira ndipo umamveka kuthetheka. Mpata wa pansonga ya pulagi wa injini zimenezi ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Moto ukasowa, musanaimbe mlandu koyilo kapena CDI, yesani pulagi ina, onani swichi yozimitsira, ndipo tsatirani nthambo kufuna pamene yaduka, yachita dzimbiri kapena yadyedwa ndi makoswe.

Mpweya umadutsa m'sefa, ndipo fumbi la m'chilimwe limaitseka m'masabata ochepa. Sefa ya siponji imachapidwa ndi palafini kapena madzi a sopo, kuumitsidwa, kudonthezedwa oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Sefa ya pepala siichapidwa ndipo siipakidwa oyilo. Imakung'unthidwa, ikatha imasinthidwa. Pali chizolowezi chochotseratu sefa poganiza kuti njinga ithamanga kwambiri. Fumbi lolowa m'silinda limapala chitsulo monga mchenga umapalira poto, ndipo injini imene ikanatha zaka imatha m'nyengo imodzi. Onaninso mphira wolumikiza kabureta ndi injini. Kutentha kumaung'amba, mpweya umalowera pamng'alupo, ndipo injini imalira mokweza yokha n'kumatentha.

Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndiye amatipulumutsa kutali ndi malo omwetsera mafuta, koma nthawi zina amabwera ndi madzi kapena zinyalala. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi pa thanki ndi pansi pa kabureta. Pansi pa kabureta pali kabawuti kokhuthulira. Kamasuleni, mulandire zotulukazo m'botolo loonekera m'kati, ndipo ngati muli madzi mudzawaona atadikha pansi. Petulo wokhalitsa miyezi amasiya utomoni umene umatseka timabowo ta majeti. Njinga imene imalira pokhapokha choki itatsekedwa, n'kuzima mukaitsegula, nthawi zambiri imakhala ndi jeti yaing'ono yotsekeka. Itsukeni ndi petulo woyera n'kuiuzira ndi pampu ya matayala. Musaitokose ndi singano kapena waya wachitsulo, chifukwa kabowo kakakula sikabwereranso. Kasefa kakang'ono ka petulo koikidwa pa paipi yochokera kuthanki kamaletsa mavuto ambiri otere.

Chachinayi ndi mphamvu yopanikiza. Pulagi itachotsedwa ndipo kiyi itazimitsidwa, tsekani bowo lake ndi chala chachikulu wina akuponda kiki. Injini yabwino imakankha chalacho mwamphamvu. Mphamvuyo ikachepa, musafulumire kunena kuti pisitoni yatha. Kawirikawiri mavavu amakhala athina, satseka bwino, ndipo njinga imavuta kulira. Mpata wa mavavu umayezedwa injini ili yozizira, chizindikiro cha T chitalunjika pa kabowo koonera ndipo mavavu onse awiri atatseka. Pa CG125 mpatawo ndi mamilimita 0.08, pa njinga zina tsatirani buku lake kapena chizindikiro chomatidwa pa felemu. Ntchitoyi imafuna sipanala, timapepala tachitsulo toyezera mpata ndi kudekha, ndipo munthu amene waionapo kawiri angaichite yekha.

Injini yolira bwino pa njinga yosaima bwino ndi ngozi. Tcheni chikhale ndi kulendewera kwa masentimita 2 mpaka 3 pakati pake, chitsukidwe ndi palafini n'kudonthezedwa oyilo. Mano a sipuroketi akasongoka n'kupindika ngati minga, sinthani tcheni ndi masipuroketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa chakale chimadya chatsopano. Gogodani masipoko ndi sipanala: lomasuka limalira mosiyana ndi anzake, ndipo limodzi likaduka ena amatsatira, makamaka pa njinga yonyamula matumba a makilogalamu 50 kapena mabelo a thonje. Tsegulani mabuleki muone ngati atha kapena alowa oyilo. Batire yodzaza imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira mothamangirako iyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapitirira pamenepo, chowongolera magetsi chafa ndipo mababu azipserera. Kwa ife okhala m'malire a nkhalango ya South Luangwa, nyale yakutsogolo ndi nkhani ya moyo. Njovu zimadutsa m'misewu ya kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Mnkhanya madzulo ndi mbandakucha, ndipo woyenda ndi tochi ya foni amaiona itamufika kale.

Nthawi ya mvula ili ndi malamulo ake. Njinga ikamira powoloka Lupande, Lutembwe kapena kamtsinje kena kodzaza, musayese kuiliza. Madzi sapanikizika, ndipo pisitoni ikawagunda ndodo yake imapindika. Chotsani pulagi, pondani kiki kuti madzi atuluke pabowopo, umitsani sefa, khuthulani kabureta, ndipo oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka musinthe, muyendetse pang'ono, musinthenso. Ngati mwaganiza zoimika njinga mpaka misewu iume, tsekani mpopi wa petulo, khuthulani kabureta, chotsani batire, pakani tcheni oyilo ndipo iikeni pansi pa denga matayala asakugunda chinyontho. Njinga zambiri zimene zimakana kulira mu Epulo zinalibe vuto pamene zinkaimikidwa mu Disembala.

Ena adzati tikulanda amakaniko ntchito, ndiponso kuti mlimi wogwira sipanala amawononga kuposa kukonza. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Mabawuti a injini zimenezi amalowa m'chitsulo chofewa, ndipo dzanja lozolowera khasu limawapotokola mosavuta. Bowo la pulagi kapena la bawuti yokhuthulira oyilo likaphwasuka, ntchito yaing'ono imasanduka yaikulu. N'chifukwa chake tikunena za kuphunzira, pansi pa diso la wodziwa, munthu asanayambe kumasula yekha. Palinso malire oyenera kuwalemekeza. Kutsegula mimba ya injini, kukonza magiya, kukulitsa silinda, kuwongola kapena kuwotcherera felemu ndi ntchito za makaniko wokhala ndi zida zake. Mlimi wodziwa njinga yake amapita kwa makaniko ndi mawu omveka, monga akuti moto ulipo, petulo akufika, koma mphamvu yopanikiza yachepa ngakhale mavavu ayezedwa. Makaniko wokhulupirika amakondwera ndi kasitomala wotere, ndipo wosakhulupirika amalephera kumugulitsa CDI pamene vuto linali nthambo yoduka.

Ena adzati nthawi ya mlimi ndi ya kumunda. Kuyeza oyilo, kugwira tcheni ndi kuponda mabuleki m'mawa sikutenga nthawi yopitirira imene timatenga kunola khasu. Tsiku lokankha njinga kuchokera kudimba kufikira kumsewu waukulu, ndi ulendo wa ku Chipata wokagula chitsulo chimene sichinali chofunika, n'zimene zimadya nthawi ya kumunda. Ndipo maphunzirowa ndi a onse. Alongo athu amene anaphunzira kumasula ndi kumanga pampu yothirira angathe kutsuka kabureta, ndipo pakhomo pamene njinga inagulidwa ndi ndalama za munda wa banja, mayi ali ndi ufulu wodziwa mmene chumacho chikusamalidwira.

Mpingo umatiphunzitsa kuti ndife akapitawo a zimene tapatsidwa, ndipo ukapitawo umaoneka m'zinthu wamba monga mlingo wa oyilo ndi kabuku ka mawerengero. Choncho tikupempha zinthu zitatu. Inu amene mukuphunzira tsopano, musanamalize maphunziro anu pezani mpata wogwira injini ndi manja anu. Injini ya pampu yothirira ya petulo imafuna zinayi zomwezi, ndipo woidziwa wadziwa theka la njinga yamoto. Inu amene munatsiriza kale ndipo muli m'magulu a alimi kumidzi kwanu, sonkhani bokosi limodzi la zida: masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya pulagi, masikuludiraiva, pulayala, zoyezera mpata wa mavavu, zitsulo zochotsera tayala, pampu, zigamba ndi kamita koyezera magetsi. Likhale ndi wolisunga ndi kabuku kolemba wobwereka. Ndipo aliyense wokhala ndi njinga alembe m'buku lake la ulimi tsamba la njingayo: tsiku losintha oyilo, makilomita, petulo wogula, chitsulo chosintha ndi ndalama zimene njingayo yabweretsa kapena yapulumutsa. Pa malonda alionse a tomato, mpunga kapena mtedza apatule kandalama ka oyilo ndi matayala ndalamazo zisanalowe m'thumba la zina.

Pakutha kwa chaka tsamba limenelo lidzanena zoona, ngati njinga ikudyetsa banja kapena banja ndilo likudyetsa njinga. Amene mawerengero ake asonyeza kutaya, aigulitse ikadali yolira ndipo ndalamazo azibweze kumunda. Amene sanagule, ndipo ndalama za thonje zili m'manja, ayambe wapita kwa mnzake wa m'gulu amene ali ndi njinga, amuthandize kusintha oyilo, kuchapa sefa ndi kumanga tcheni kawiri kapena katatu, kenaka apite kukasankha yake.